Bo-Kaap: Mwateteza Makoma, Nanga Eni Nyumba?

Mu Novembala 2018, anthu a ku Bo-Kaap, dera lakale la mumzinda wa Cape Town, anagwirana manja n'kutseka msewu. Pakati pawo panali amayi achikulire. Kutsogolo kwawo kunaima chigalimoto chonyamula kireni, chimene chimapita ku Lion Street kumene kampani ya Blok inkamanga mafulati. Kampaniyo inali itatenga kale chiletso kukhoti kuti anthuwo asasokoneze ntchito. Apolisi anaponya mabomba oopsezera ndipo ena anamangidwa. Mukatsata mapepala a kukhoti, olakwa anali anthu otseka msewuwo. Ine ndikuti anakhoza, ndipo chifukwa chimene anakhozera chiyenera kumveka kulikonse kumene malo akale a anthu wamba ayamba kukoma m'maso mwa anthu a ndalama.

Amene anaonapo zithunzi za Cape Town akuidziwa Bo-Kaap ngakhale sadziwa dzina lake. Ndi timisewu tamiyala tokwera m'mbali mwa phiri la Signal Hill, ndi nyumba zogundana zopakidwa utoto wobiriwira, wachikasu, wapinki ndi wina wotero. Mabasi a alendo odzaona malo amaima pamenepo, anthu n'kutsika, n'kujambulitsa pakhomo la munthu amene sanam'patse ndi moni yemwe, n'kukweranso. Chimene chimawakopa ndi utoto. Koma utoto ndi chinthu chaching'ono kwambiri pa zonse zimene zili m'derali.

Bo-Kaap anamangidwa ndi manja a akapolo ndi zidzukulu zawo. M'zaka pafupifupi 150, azungu anabweretsa ku Cape akapolo oposa 60,000 kuchokera ku Indonesia, ku India, ku Madagascar ndi kugombe la kum'mawa kwa Africa. Kuyambira mu 1763, mzungu wina dzina lake Jan de Waal anayamba kumanga tinyumba ta lendi m'mbali mwa phirili, ndipo imodzi mwa nyumba za nthawi imeneyo ilipobe mu Wale Street, momwe lero muli nyumba yosungiramo mbiri ya derali. Ukapolo utathetsedwa mu 1834, ndipo akapolo atamasulidwa kwenikweni mu 1838, ambiri a iwo anadzakhala ku Bo-Kaap: amisiri omanga, akalipentala, atelala, ochapa zovala, asodzi. Anali anthu amene analandidwa dziko, chinenero ndi mayina awo, ndipo m'timisewu timeneti anayambiranso kukhala anthu a kwawo.

Mu Dorp Street muli mzikiti wa Auwal, woyamba m'dziko lonse la South Africa, umene unakhazikitsidwa mu 1794. Imamu wake woyamba, Tuan Guru, anali mkulu wa ku chilumba cha Tidore ku Indonesia amene Adatchi anam'tsekera pa Robben Island. Analemba Korani yonse kuchokera pamtima, ndipo atatuluka anatsegula madrasa kumene akapolo ndi ana awo ankaphunzira kulemba ndi kuwerenga, pa nthawi imene lamulo silinkalola Chisilamu kupembedzedwa poyera. M'madrasa otere ndi mmene chinenero cha Afrikaans chinkalembedwa ndi zilembo za Chiarabu, kalekale olamulira atsankho asanachitenge ngati chawochawo. Pamwamba pa derali pali manda a Tana Baru, kumene Tuan Guru anagona. Boma litatseka mandawo mu Januwale 1886, Asilamu pafupifupi 3,000 ananyamula maliro a mwana n'kukamuika komweko, apolisi akuona. Choncho kutseka msewu si khalidwe lachilendo limene achinyamata a lero atola kwina. Anthu a ku Bo-Kaap akhala akuimirira pa malo awo kwa zaka zoposa zana.

Nkhani imeneyi si ya anthu akutali nafe ayi. Chaka chomwe chija cha 1794, mu Disembala, sitima ya Apwitikizi yotchedwa São José, imene inanyamula akapolo pafupifupi 500 kuchokera ku chilumba cha Mozambique kupita nawo ku Brazil, inasweka pamiyala pafupi ndi Clifton, ku Cape Town komweko. Oposa 200 anamira, ndipo amene anapulumuka anagulitsidwa ku Cape. Misika ya akapolo ya kugombe la Mozambique inkadzazidwa ndi anthu ogwidwa kumtunda, mpaka kumadera ozungulira nyanja yathu ya Malawi. Magazi a kuno kwathu anasakanikirana ndi a anthu amene anamanga Cape Town yakale.

Tsono kuti timvetse mantha a anthu a ku Bo-Kaap, tiyenera kuyang'ana kutsidya lina la mzinda, ulendo wapansi wosakwana ola. Kumeneko kunali District Six. Pa 11 Febuluwale 1966, boma latsankho linalengeza kuti deralo ndi la azungu okha. Akatapila anagwetsa nyumba, ndipo anthu oposa 60,000 anatayidwa ku Cape Flats, kumchenga, kutali ndi ntchito, kutali ndi achibale. Lamulo lobwezera malo linabwera mu 1994, mabanja oyamba analandira makiyi mu 2004, koma mpaka pano mbali yaikulu ya malowo ndi thengo, ndipo okalamba ambiri anamwalira akudikira. Phunziro lake ndi losavuta: mudzi ukabalalika, ngakhale boma litafuna chotani, subwereranso.

Bo-Kaap anapulumuka akatapila, koma osati chifukwa cha chifundo. Kuyambira m'ma 1940, mlembi wina wachizungu, I.D. du Plessis, ankalimbikitsa kuti derali lisungidwe ngati chionetsero cha chikhalidwe cha anthu amene ankawatcha Amalay, ndipo mu 1957 boma linaliika kukhala dera la gulu limeneli pansi pa lamulo logawa malo potsata khungu. Amene sankawerengedwa m'gululo anauzidwa kuti achoke. Ndiye kuti anthu a ku Bo-Kaap akudziwa kale kuti munthu angathe kukonda nyumba zako, nyimbo zako ndi zakudya zako, koma iweyo osakulabadira n'komwe.

Tsankho likupita kumapeto, malire aja anachotsedwa mu 1991, ndipo zimenezo zinali zoyenera. Koma pamodzi ndi ufulu panabwera msika. Bo-Kaap ali pafupi kwambiri ndi pakati pa mzinda, moti munthu amayenda wapansi kupita kuofesi, ndipo pawindo amaona phiri la Table Mountain ndi doko. Anthu a ndalama, a m'dzikomo ndi a kunja, anayamba kugula. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikupempha owerenga atsate bwino mmene chinthuchi chimayendera. Malinga ndi lamulo la 2004, msonkho umene mwini nyumba amalipira ku khonsolo umawerengedwa potengera mtengo umene nyumbayo ingagulidwe pamsika. Nyumba ya mnzako ikagulidwa pa mamiliyoni a marandi, khonsolo ikamadzayesanso mitengo imati nayonso yako ndi ya mamiliyoni, ndipo msonkho wako umakwera. Iwe sunagulitse kanthu, sunawonjezere chipinda, penshoni yako ndi yomwe ija. Nyumbayo anabadwiramo agogo ako. Koma kalata ya khonsolo imabwera mwezi ndi mwezi, ngongole imakula, ndipo tsiku lina pakhomo pamafika munthu waulemu wake atanyamula chikwama, n'kunena kuti ali ndi wogula. Banja limagulitsa, abale n'kugawana ndalamazo, aliyense n'kulowera kwake. Kugulitsa kumeneko kumakwezanso mtengo wa nyumba zoyandikana, ndipo amene atsala amapanikizika kuposa kale.

Palibe wapolisi amene wagogoda usiku. Palibe katapila. Aliyense wasaina mwa kufuna kwake. Koma mathero ake ndi omwe aja a District Six: anthu akuda ndi osauka akutuluka pakati pa mzinda kupita kumchenga, olemera akulowa. Zimene boma latsankho linkachita ndi mfuti, lero zikuchitika ndi kalata ya msonkho. Ine sindiona chifukwa chotchulira choyambacho nkhanza, chachiwirichi n'kumachitcha chitukuko.

Nyumba zina zogulidwazo sizikhalamo banja n'komwe. Zimasanduka malo ogona alendo a masiku awiri kudzera pa Airbnb. Ndipo obwera kumene ena amafuna kukongola kwa malo popanda moyo wake. Mu 2019, m'mwezi wa Ramadhan, munthu wina anakadandaula kuti azana, kuitanira anthu kumapemphero, ya pa mzikiti wa mu Muir Street ku District Six ndi phokoso. Mzikitiwo wakhalapo zaka zoposa 100, ndipo ndi umodzi mwa nyumba zochepa zimene akatapila anazisiya. Munthu wagula nyumba pafupi ndi mzikiti, kenako n'kumafuna kuti mzikitiwo ukhale chete. Anthu a ku Bo-Kaap atamva zimenezi anadziwa kuti mawa zidzafika kwawo.

Anthuwa sanayambire kumsewu. Bungwe lawo la Bo-Kaap Civic and Ratepayers Association linakhala zaka likulemba makalata, likupita kumisonkhano ya khonsolo, likupempha kuti derali litetezedwe ndi lamulo. Ndondomeko yotetezayo inakonzedwa, koma inangokhala m'madirowa pamene zilolezo zomangira zinkatuluka. Khonsolo itavomereza chinyumba chotalika pafupifupi mamita 60 pakati pa Buitengracht ndi Rose Street, chimene anthuwo anachitcha chilombo, bungweli linapita kukhoti. Linagonja mu 2018, linachita apilo, linagonjanso mu 2020. Mu Ramadhan ya 2018 achinyamata anatulukira ndi gulu lawo la Bo-Kaap Rise. Anawotcha matayala pamsewu, komanso anachita chinthu china champhamvu kuposa moto: madzulo anayala mikeka ndi nsalu pakati pa Wale Street, mabanja n'kutulutsa chakudya, anthu mazanamazana n'kumasulira limodzi kusala kwawo pamsewu, magalimoto ataima. Mzinda wonse unaona kuti m'nyumba za utoto zija mumakhala anthu.

Zimene makalata analephera kwa zaka, msewu unazichita m'miyezi yochepa. Kumayambiriro kwa 2019 khonsolo inafunsa maganizo a anthu, ndipo mwa oposa 2,000 amene anayankha, pafupifupi onse anati derali litetezedwe. Mu Malichi 2019 khonsolo inavomereza kuti Bo-Kaap akhale dera lotetezedwa, kutanthauza kuti wofuna kugwetsa, kusintha kapena kumanga ayenera kupeza chilolezo chapadera choyang'ana kutalika ndi maonekedwe a nyumbayo. Patangopita milungu yochepa, nduna ya zachikhalidwe ya nthawi imeneyo, a Nathi Mthethwa, inalengeza malo 19 a m'derali kukhala cholowa cha dziko lonse. Amene amati kuchita zionetsero sikupindula awerenge masiku amenewa.

Komabe ndikukana kuimba nthungululu msanga. Chitetezo chimenechi sichinafafanize zilolezo zimene zinali zitaperekedwa kale. Choposa apo, chimateteza khoma, denga, windo ndi khonde, koma sichinena chilichonse za mayi wamasiye amene msonkho wamukulira. Ndipo dera likatchuka kuti ndi lotetezedwa, ogula amalikhumbira kwambiri, chifukwa amadziwa kuti palibe amene adzawatchingire phiri ndi chinyumba chachitali. Mukapanda kusamala, lamulo limene anthu analimenyera lingathe kuthandiza kuwachotsa. Mlimi wa njuchi amadziwa kuti mng'oma umene njuchi zathawamo ndi chikuni chabe, ngakhale utaupachika bwino chotani. Cholowa cha Bo-Kaap ndi ana opita kumadrasa masana, ndi fungo la mandasi otchedwa makoesister Lamlungu m'mawa, ndi amuna onyamula jeneza paphewa kutsika nalo phiri, ndi magulu oimba amene amadzaza misewu pa 2 Januwale, tsiku limene akapolo ankapatsidwa mpumulo. Zimenezi sizigulidwa pamodzi ndi nyumba. Zimachoka ndi anthu ake.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo ndipo ndiyenera kuziyankha. Yoyamba ndi yakuti Cape Town ikusowa nyumba, ndipo mzinda wokula uyenera kumanga mosanjikiza pafupi ndi ntchito. Izi n'zoona, ndipo Amalawi amene amakhala ku Dunoon, ku Philippi kapena ku Imizamo Yethu, amene amadzuka kusanache n'kutha gawo lalikulu la malipiro awo pa thiransipoti, akuzidziwa kuposa wina aliyense. Koma mafulati akumangidwa m'mphepete mwa Bo-Kaap ndi a ndani? Kodi mayi wogwira ntchito yapakhomo ku Sea Point angagulemo chipinda? Nanga ngati nkhawa ilidi pa osauka, bwanji boma la chigawo linagulitsa malo a sukulu yakale ya Tafelberg ku Sea Point pa R135 miliyoni m'malo momangapo nyumba zotsika mtengo, mpaka magulu a Reclaim the City ndi Ndifuna Ukwazi anachita kukalitsutsa kukhoti? Bwanji khonsolo inkabwereketsa bwalo lalikulu la gofu ku Rondebosch pa ndalama pafupifupi R1,000 pachaka? Malo a boma alipo. Kusowa kwa nyumba kumangokumbukiridwa pamene akufuna malo a anthu opanda mphamvu.

Mfundo yachiwiri ndi ya ntchito. Zoonadi, ntchito yomanga imadyetsa mabanja, ndipo pakati pa osakaniza simenti pamakhala abale athu. Sindingapeputse mpunga wa munthu. Koma ntchito yomanga fulati imatha pa zaka ziwiri, pamene dera limene latayika limatayikiratu. Kukonza nyumba zakale nako ndi ntchito, ndipo kumafuna amisiri aluso ambiri. Wosauka wa ku Dunoon ndi wosauka wa ku Bo-Kaap si adani. Onse awiri akukankhidwira kunja kwa mzinda ndi dzanja limodzi.

Yachitatu ndi yakuti mwini nyumba ali ndi ufulu wogulitsa kwa amene wamufuna, ndipo kuletsa zimenezo ndi kumulanda chuma. Palibe amene akunena kuti aletsedwe. Wofuna kugulitsa agulitse. Nkhondo ili pa amene sakufuna kugulitsa koma akukakamizidwa ndi ngongole ya khonsolo. Munthu amene wasaina chifukwa madzi afika m'khosi sitinganene kuti wasankha.

Yachinayi ndi yolemera kwambiri: kodi kuteteza dera la Asilamu si kubwezeretsa malire a tsankho aja? Funsoli ndi loyenera, ndipo anthu a ku Bo-Kaap ayenera kulisunga pamtima, chifukwa tsiku limene adzayambe kufunsa khungu kapena chipembedzo cha munthu asanamulandire, adzataya chilungamo cha mlandu wawo. Koma zimene akupempha si zimenezo. M'derali mwakhala Akhristu ndi Asilamu limodzi kuyambira kale, ndipo amene anawalekanitsa ndi lamulo la tsankho. Pempho lawo ndi lakuti wobwera abwere ngati mnansi, apereke moni, alemekeze zimene wazipeza, ndipo kubwera kwake kusakhale kuchoka kwa wina. Mlendo aliyense wolowa m'mudzi kwathu kuno amauzidwa zomwezo.

Za matayala owotchedwa, sindizikometsera. Utsi wake umalowa m'mapapo a ana a m'dera lomwelo. Koma amene amanyansidwa ndi tayala loyaka ola limodzi, osanyansidwa ndi banja lochoka m'nyumba imene lakhalamo mibadwo inayi, adzifunse kuti chimene amachitcha mtendere n'chiyani.

Zoyenera kuchita sizovuta kuzitchula. Banja limene lakhala m'nyumba kwa mibadwo lisamalipitsidwe msonkho potengera mtengo umene olemera akugulira nyumba zoyandikana. Msonkho wake uime pamene lingathe, ndipo khonsolo idzatenge gawo lake tsiku limene nyumbayo idzagulitsidwe. Kuchotsera kumene kulipo kwa okalamba ndi osauka n'kwabwino, koma kumayang'ana thumba la munthu mmodzimmodzi, sikuyang'ana kupulumuka kwa dera. Malo a boma amene atsala m'derali amangidwepo nyumba za lendi yotsika, ndipo ana a komweko akhale oyamba kulowamo. Kampani iliyonse yomanga m'mphepete ikakamizidwe kupatula mafulati ena a anthu opeza zochepa. Nyumba zosandutsidwa malo ogona alendo zikhale ndi malire. Ndalama zimene mabasi a alendo amapanga ndi nkhope ya derali zibwerereko kwa eni ake. Ndipo pa zilolezo zonse, anthu afunsidwe mapulani asanajambulidwe, osati kuitanidwa kudzaombera m'manja zimene zatha kale. Makhoti ayamba kumva: mu Disembala 2024, khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo linagamula mokomera mabanja a mu Bromwell Street ku Woodstock, amene ankakana kutayidwa ku Wolwerivier, makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda.

Kuno kwathu tili ndi lamulo loteteza zinthu zakale, ndipo timanyadira Mandala House ya 1882 ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chinatha kumangidwa mu 1891. Zisungidwe ndithu. Koma nyumba zambiri zimene timazitcha za mbiri ndi za amishoni, a makampani ndi atsamunda. Madera amene munkakhala oumba njerwa zake, amtengatenga ndi ophika, sitinawaganizirepo kuti nawonso ndi mbiri. Mitengo ya malo ikukwera mu Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi m'mbali mwa nyanja. Anthu a ku Bo-Kaap anatha kulimbana chifukwa anali ndi bungwe lawo, anadziwa mbiri ya msewu uliwonse, anasunga mapepala a nyumba zawo, ndipo anadziwana mayina. Zimenezi zimakonzedwa wogula asanafike.

Khonsolo ya Cape Town imagwiritsa ntchito zithunzi za Bo-Kaap poitana alendo a dziko lonse lapansi. Ngati ikudya nawo phindu la derali, ili ndi ngongole kwa anthu amene analipanga, ndipo ngongoleyo silipidwa ndi chikwangwani chamkuwa pakhoma la mzikiti. Muyeso wa chitetezo cha 2019 ukhale umodzi wokha: pakatha zaka makumi awiri, ndi mabanja angati mwa amene analipo pa tsiku lovomereza lija amene adzakhale akadali m'nyumba zawo. Khonsolo iwawerenge, ilengeze chiwerengerocho chaka ndi chaka, ndipo chikamatsika, makhansala akayankhe pamaso pa anthuwo.